Gulu la Banja: Kutuluka kwa Achimwene a Dalitso

Tiyamike: Moni nonse. Achimwene a Dalitso atuluka kundende pa 14 mwezi wamawa. Mapepala tiyambe lero, tisadzathamangethamange tsikulo.

Azakhali: Ambuye alemekezeke! Zaka 3 si masewera. Ine ndiphika, tiitane a kumpingo onse.

Mayi a Chisomo: Pepani azakhali, phwando lokha ayi. Chibwerereni ku Iraq, phokoso ndi chigulu cha anthu sagwirizana nazo. Kusagona ndi mowa uja zinayambira pomwepo, mpaka kuwafikitsa kundende.

Azakhali: Ndamva mwanawe.

Amalume: Nanga ndalama za usilikali zija zinatheratu?

Tiyamike: Ayi amalume. Lamulo la VA, nthambi ya boma la America yoona za asilikali akale, likuti msilikali wakale akamangidwa pa mlandu waukulu, kuyambira tsiku la 61 ndalama za kulumala amazitsitsa. Zawo zinatsika kufika pa mlingo wa 10 peresenti. Akatuluka amazibwezeretsa pa mlingo wakale, koma mpaka tiwauze ndife. Tikawadziwitsa chisanathe chaka chimodzi chitulukireni, amawerengera kuyambira tsiku lotulukira.

Mayi a Chisomo: Gawo la zomwe anadulazo ndinapempha, ankatitumizira ine ndi ana. Ndi zomwe zatisunga.

Kondwani: Ndinayankhula ndi achimwene Lamulungu. Akuti kunabwera mayi wa pulogalamu ya HCRV, ija ya VA yothandiza asilikali akale otuluka kundende. Awakonzera zoonana ndi dokotala wa PTSD (vuto la maganizo lobwera munthu akadutsa m'zoopsa) sabata yoyamba yomwe. Koma pakufunika DD-214, chikalata chija anapatsidwa posiya usilikali. Chili kuti?

Mayi a Chisomo: M'sutikesi yabuluu, m'galaja mwa amalume.

Amalume: Eee, m'galaja muja muli katundu wa fuko lonse. Ndisaka Loweruka.

Tiyamike: Za kogona bwanji? Ofisala wa parole, woyang'anira omwe atulutsidwa chilango chisanathe, akufuna keyala yodziwika asanatuluke.

Mayi a Chisomo: Ndinene zoona pamaso pa nonse. Ndikuwafuna, koma ana ayambe awazolowera kaye.

Amalume: Palibe akukuweruzani amayi. Mwasenza zambiri nokha.

Kondwani: Afikire kwanga kuno ku Indianapolis, chipinda chilipo. Ndinafunsa za HUD-VASH, pulogalamu ya boma yothandiza kupeza nyumba, koma ija kwenikweni ndi ya asilikali akale osowa pokhala.

Tiyamike: Laisensi yawo yoyendetsera galimoto inatha ntchito, ndiye kuchipatala ndi kwa ofisala tiziwaperekeza mosinthana. Lachiwiri ndi langa. Komanso aliyense asunge m'foni 988, kenako kudina 1. Ndi nambala yothandiza asilikali akavutika maganizo, usiku ukawavuta.

Azakhali: Lachinayi ndipatseni ine. Mafunso a kundende sindifunsa, ndalonjeza.

Kondwani: Azakhali, ndajambula uthengawu, ndidzakukumbutsani.