Desktop ya kasitomala ikuzima yokha, muli BOINC ya SETI@home

Mphatso_Tech
Akuluakulu, ndigaireni nzeru. Bambo ena achikulire andibweretsera desktop yawo, akuti imangozima yokha pakati pa usiku. Nditaiyatsa, fani ikulira ngati chigayo, CPU ili pa 100% pamene sindinatsegule kalikonse. HWMonitor, pulogalamu yoyeza kutentha, ikuonetsa 96°C. Mu Task Manager ndapeza boinc.exe. Ndimati ndingoichotsa, koma bambowo akanitsitsa. Akuti akhala akuthandiza asayansi kusaka zamoyo zakuthambo kuyambira 2001, ndiye sakufuna mapointi awo atayike. Ndiyambire pati?

Gift92
Imeneyo ndi virus achimwene. Sungani mafailo awo, muikenso Windows, nkhani yatha.

Tiyamike
A Gift, musathamange. BOINC payokha si virus. Inapangidwa ku University of California, Berkeley, kuti anthu azibwereketsa mphamvu ya makompyuta awo akakhala kuti sakuwagwiritsa ntchito. SETI@home, project yosaka zizindikiro za zamoyo zakuthambo imene inadzayamba kuyendera pa BOINC, inayamba mu May 1999. Asayansi ankatenga zimene telesikopu ya Arecibo ku Puerto Rico yajambula pafupi ndi 1420 MHz, pomwe hydrogen imamvekera, n'kuziduladula tizigawo ta masekondi 107. Kompyuta yako inkalandira kachigawo, kuwerengera ngati muli chizindikiro chooneka kuti sichachilengedwe, n'kubweza yankho.

Koma a Mphatso, pali pamene sipakumveka. SETI@home inasiya kutumiza ntchito pa 31 March 2020, ndipo Arecibo yeniyeniyo inagwa mu December chaka chomwecho. Ndiye ngati CPU ikutentha chonchi, ikugwirira ntchito ndani? Tsegulani BOINC Manager, mupite pa Advanced View, muone pa Projects ndi pa Tasks.

Mphatso_Tech
Zoona mayi, SETI@home ilipo koma ilibe task ngakhale imodzi. Pansi pake pali Einstein@Home, ndipo ma task ake akudya ma core onse 4, ina ikuyenda pa GPU (graphics card). Bambowo akuti iyi sakuidziwa.

Bambo_Zgambo
Musanakhulupirire dzina lokha, onani adiresi ya seva. Mu 2024 kunapezeka akathyali amene ankaika BOINC mobisa m'makompyuta a anthu n'kuilozetsa ku ma seva awoawo, ndiye Gift sanalakwe kwenikweni kukayika. Lowani mu C:\ProgramData\BOINC, muone mafailo oyamba ndi account_. Muonenso kuti boinc.exe ikuchokera mu Program Files, osati m'kafoda kobisika mu AppData. Event Log nayo imanena chilichonse, imatseguka ndi Ctrl+Shift+E.

Ine ndinayamba ndi screensaver yakale ija ya SETI@home ya mizere yamitundumitundu, BOINC isanabwere. Tinkaiyang'ana mpaka tulo, kuganiza kuti mwina lero ndi lero.

Mphatso_Tech
Ndaona. Foda ndi yoyenera, adiresi ndi ya Einstein@Home yeniyeni. Tawaimbira foni mwana wawo, wavomera kuti ndi iye anaiwonjezera ataona bambo ake akudandaula kuti pulogalamu yangokhala duu. Sanawauze.

Gift92
Ndiye madalawo zaka zonsezi akuganiza kuti akusaka ma alien pamene akusaka zina? 😂

Tiyamike
Musawaseke. Einstein@Home imasaka ma pulsar (nyenyezi zakufa zozungulira mothamanga) ndi mafunde a mphamvu yokoka (gravitational waves) amene makina a LIGO ku America amayeza, ndipo makompyuta a anthu wamba apezadi ma pulsar atsopano kudzera mmenemo. Kungoti muwauze zoona, asankhe okha.

Za mapointi, awakhazike mtima pansi. Amasungidwa pa seva ya project, pa akaunti yawo, osati m'kompyutamo. Ngakhale mutachotsa BOINC lero satayika, bola azikumbukira imelo imene analembetsera.

Tsopano kuzimako. Kompyuta yabwinobwino imayenera kupirira 100% osazima. BOINC yangoulula vuto limene linalipo kale. Tsegulani mbali, ndikutsimikiza heatsink (chitsulo choziziritsa CPU) yatsekeka ndi fumbi ndipo thermal paste (phala lopaka pakati pa ziwirizi) yauma gwaa. Mukakonza zimenezo, pitani pa Options, Computing preferences. Pa "Use at most % of the CPUs" ikani 50. Ineyo ndimakonda kuchepetsa pamenepo kusiyana ndi pa "CPU time", chifukwa inayo imangoimitsa ndi kuyambitsa ntchito sekondi iliyonse, fani n'kumakwera ndi kutsika mosowetsa mtendere. GPU iziima kompyuta ikamagwiritsidwa ntchito, kapena muithimitsiretu.

Bambo_Zgambo
Muyesenso power supply (PSU). CPU ndi GPU zikamakoka limodzi usiku wonse, PSU yotopa imagonja ngakhale kutentha kutatsika. Ndipo muwauze kuti magetsi akulipira ndi iwo. Enanu amene mumayang'anira makompyuta a pa ofesi, musayerekeze kuika izi popanda chilolezo cholembedwa. Ku Arizona mu 2009 wa IT wina ntchito inamuthera chifukwa choika SETI@home m'makompyuta a masukulu.

Mphatso_Tech
Mayi Tiyamike munalasa. Fumbi linachita kuumbika ngati bulangete, paste ikungonyenyeka. Ndapukuta, ndapaka ina, ndaika ma core awiri, GPU ndathimitsa. Yayenda maola 9 osazima, sikupitirira 68°C. PSU ndaiyeza, ili bwino.

Bambowo nditawafotokozera anakhala chete kanthawi, kenako akuti Einstein ikhale, koma SETI@home ndisaichotse pa mndandanda. Ndaisiya momwemo.