Mazira achepa chiyambire June, kodi ndiike babu m'khola?

Nabanda, Mufakose:
Moni nonse. Ndili ndi nkhuku 20 za Hy-Line Brown, za miyezi 10. Zinkaikira mazira 17 patsiku, koma chiyambire kuzizira zatsikira pa 9. Chakudya sindinasinthe. Ena akuti ndiike getsi m'khola. Kodi zimathandizadi? Nanga babu yake ndi yotani, ndipo iziyaka nthawi yanji?

aPhiri, Dzivarasekwa:
Zimathandiza mayi, koma vuto lenileni si kuzizira, ndi kufupika kwa usana. Nkhuku imaikira bwino ikamaona kuwala maola 14 mpaka 16 patsiku. Kuno ku Harare mu June dzuwa limatuluka cha m'ma 6:25 n'kulowa cha m'ma 5:30, ndiye maola 11 okha. Ngakhale mu December timangofika pa maola 13 ndi mphindi zochepa. Kuwala kukachepa, ubongo wa nkhuku umachepetsa timadzi ta m'thupi timene timakhwimitsa mazira.

Babu ya LED ya 5W, yowala mofiirira osati yoyera mbee, imakwana khola la mamita 3 mulitali ndi mulifupi. Ipachikeni mamita 2 kuchokera pansi, pamwamba pa chodyera ndi chomwera. Sichotenthetsera ayi, bola muzitha kuwerenga nyuzipepala mutagwada pomwe nkhuku zimadyera. Muziipukuta sabata iliyonse, chifukwa fumbi la m'khola limaphimba kuwala msanga.

Yatsani m'mbandakucha, osati madzulo. Getsi lamadzulo likazima mwadzidzidzi, nkhuku zimatsala pansi mumdima osaona pokwera, n'kuunjikana pangodya. Komanso musalumphe kamodzin'kamodzi. Sabata yoyamba liyake 6:00, yachiwiri 5:30, n'kumawonjezera mphindi 30 sabata iliyonse mpaka mufike 3:30. Kukacha bwino lizime. Chakudya ndi madzi zikhalemo kale usiku, chifukwa nkhuku yodzuka 3:30 popanda chojompha imayamba kujompha inzake. Kusintha muyamba kukuona pakatha masabata awiri kapena atatu.

aMwale, Highfield:
aPhiri anena zoona, koma pali nkhani ya kuzima kwa magetsi, imene kuno sitingaizembe. Getsi loyaka lero, mawa osayaka, limaononga kuposa kusaika n'komwe. Thupi la nkhuku limaona ngati usana wafupika mwadzidzidzi, ena mwa mathadzi amasiyiratu kuikira n'kuyamba kuthothoka nthenga.

Timer, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa getsi pa nthawi yake, ikakhala yozungulira ija imaima magetsi akazima, akabwera imapitiriza itatsalira m'mbuyo, mupeza babu ikuyaka masana. Gulani ya manambala yokhala ndi kabatire mkati. Njira yodalirika ndi sola: babu ya 12V ya 5W, batire ya 7Ah, panelo ya 20W ndi timer ya 12V. Babuyo ikayaka maola atatu imadya 15Wh yokha, pomwe batireyo imasunga pafupifupi 84Wh, ndiye ngakhale kuchite mitambo masiku awiri simudandaula. Mawaya adutse m'paipi, makoswe amatafuna, ndipo m'khola muli utuchi wouma.

Nangozo, Mbare:
Achemwali, musanagule kanthu yambani mwazigwira nkhukuzo. Kutsika kuchoka pa 17 kufika pa 9 n'kwakukulu, kuwala kokha sindikukukhulupirira. Usiku lowani ndi tochi, muone pansi pa mapiko, kumbuyo, ndi m'ming'alu ya mitengo yogonapo. Utitiri umayamwa magazi usiku ndipo mazira amachepa. Ngati pansi pali nthenga zambiri, zikusintha nthenga. Zoterozo zisiyeni zimalize, getsi muyambe pambuyo pake.

Kukazizira nkhuku imadya kwambiri kuti itenthetse thupi. Iliyonse ipeze magalamu 120 a layers mash, osasakaniza ndi gaga, chifukwa amachepetsa zomanga thupi ndi calcium m'chakudyamo, zigoba n'kumatuluka zofewa. Madzi a m'mawa asakhale ozizira kwambiri, zikamwa pang'ono mazira amatsika. Masaka otchingira mphepo musatseke nawo khola lonse, siyani mpata kumwamba. Mukalowa fungo la zitosi n'kukulumani m'maso, dziwani kuti zifuwa za nkhuku zikuvutika kale.

Ndipo ngati muli ndi misoti yosakwana masabata 17, isakhale m'khola la getsilo. Ikayamba kuikira thupi lisanakhwime, mazira amakhala ang'onoang'ono, ndipo ina njira ya dzira imatulukira kunja, anzake n'kuyamba kuijompha mpaka kufa.