Kodi makompyuta angalandire bwanji mapulinta kuchokera pa seva akangoyatsidwa?

Akuluakulu, ndikupempha thandizo kwa inu amene mumayang'anira netiweki. Kuntchito kwathu mapulinta onse amadutsa pa seva ya Debian yomwe ili ndi CUPS (pulogalamu yoyendetsa zosindikiza), ndipo makompyuta a ogwira ntchito ali ndi Ubuntu. Ndikufuna kuti kompyuta ikangoyatsidwa izitenga yokha mndandanda wa mapulinta pa sevayo, popanda ine kuyenda desiki ndi desiki.

Pakali pano ndili ndi script yomwe imayendetsa lamulo la lpadmin (loikira mapulinta) kudzera mu systemd (pulogalamu yoyambitsa mapulogalamu ena kompyuta ikayatsidwa), koma nthawi zina imayamba netiweki isanakonzeke, makamaka pa malaputopu a Wi-Fi, moti munthu amapeza kuti mapulinta palibe. Kodi kuika After=network-online.target pamodzi ndi Wants= mu systemd, kuti script izidikira netiweki, n'kokwanira, kapena ndi bwino kuti script izibwereza mpaka itapeza doko 631 la seva, lomwe CUPS imagwiritsa ntchito?

Njira yolemba dzina la seva (ServerName) mu fayilo ya /etc/cups/client.conf ndi yosavuta, komabe sindikuikonda kwenikweni, chifukwa seva ikazima kusindikiza konse kumaima, ngakhale pa pulinta yolumikizidwa ndi USB. Avahi, pulogalamu yopezera zipangizo pa netiweki kudzera mu njira yotchedwa mDNS, nayo siikutithandiza, popeza uthenga wa mDNS sudutsa pawokha kuchoka pa subnet (chigawo cha netiweki) ina kupita pa inzake, ndipo ife tili ndi ma VLAN angapo omwe amagawa netiweki yathu m'zigawo zotere.

Kodi alipo amene akugwiritsa ntchito BrowsePoll ya cups-browsed (njira yoti kompyuta izifunsa seva mndandanda wa mapulinta) pa netiweki yotere? Ndikufunanso kudziwa mmene mumachitira kuti dipatimenti iliyonse izingoona mapulinta ake okha, ndiponso kuti pulinta yochotsedwa pa seva izichoka yokha pa makompyuta onse.