Mapu a mufoni ananditimitsa mudambo kwa Wimbe, vuto ndi foni kapena netiweki?

Jere_wa_pikapu:

Moni nonse muno. Ndithandizeni nzeru chifukwa ine zandikwana, foniyi ndatsala pang'ono kukaiponya mu Bua.

Loweruka lapitali anandipanga hayala kunyamula mipando ya pulasitiki 80, tenti ndi masipika a chinkhoswe, kuchoka pa boma kupita kumudzi wina mbali ya kwa Wimbe. Ine uko sindikudziwa kwenikweni, ndimayenda kwambiri wa Santhe ndi wa Chatoloma. Mwini chinkhoswe ananditumizira location pa WhatsApp akuti ingotsatirani basi simusochera. Ndinaitsegula mu mapu aja amabwera kale mufoni aja, osachotseka aja, akuti ola limodzi ndi mphindi 10 mwafika. Ndinadzuka 6 koloko kuti ikamati 8 tenti ikhale itaima.

Pa tala zonse zinali bhobho. Nditangosiya tala cha ku Mtunthama ndiye kunayamba kuvuta. Mayi wa mufoni uja akuti "turn left", kuyang'ana kumanzereko kuli mizere ya fodya yokhayokha, ngakhale kanjira ka njinga kalibe. Ndapitirira, iye wayamba kuzungulirazungulira pa sikirini, kenako wandipatsa njira ina yomwe inandilowetsa mu esiteti ya munthu mpaka ndinakaima pa zigafa, mlonda akundifunsa ngati ndabwera kudzagula fodya wa katangale. Ndabwerera. Njira yachitatu inkaoneka yowongoka bwinobwino pa mapu, mzere woyera kudutsa dambo mpaka kutsidya. Kufika pamenepo mlatho wake ndi mitengo itatu ya bulugamu, theka linapita ndi madzi kalekale, udzu unamera pamwamba. Pofuna kutembenuka matayala akumbuyo onse awiri anamira mpaka difu kukhala pansi.

Anandizula ndi ng'ombe za ngolo za bambo wina wapamenepo, K15,000 yapita, kuphatikiza anyamata anayi okankha omwe ndinawagulira chibuku. Ndinakafika 1 koloko masana, ankhoswe atakhala kale pa mphasa, mayi a mtsikana akungondiyang'ana osayankha ndi moni yemwe. Pa ndalama ya hayala anandidula K20,000 ndipo sindinatsutse.

Ndiye funso langa, cholakwika ndi chani apa? Foni ndi yotchipa? Netiweki? Kapena mapu amenewa sanapangire ife a kuno? Pali apu ina yabwinoko yoti ndiikemo? Chifukwa sizingatheke kuti bandulo ndigule ndekha kenako yomweyo indiponye m'matope.

Kabaza_Gogode:

Kkkkkk pepani madala koma ndaseka mpaka misozi. Inu munthu wa ku Kasungu konkuno kufunsa njira kwa mzungu wa mufoni anthu ali pamsewu? Pa siteji iliyonse pamakhala ife, mukanangotsitsa galasi nkufunsa. K1,000 ya mafuta mnyamata akanakutsogolerani mpaka pa khomo.

Chomwe foni siidziwa ndi choti njira za kumudzi zili ndi nyengo. Pali ya chilimwe, pali ya dzinja. Ya mudambo ija mu September mumadutsa fumbi lili kobo, koma January mpaka April ndi ya achule. Ndipo ina alimi amailima dala mvula ikagwa, mwezi wa June akakolola imabwereranso. Foni ingazidziwe bwanji zimenezo.

Sir_Geography:

A Jere, foni yanu musaiponye, ilibe mlandu waukulu. Ndikufotokozereni mmene ndimawauzira ana a Fomu 3.

Mu chinthu mukuchitcha mapu chija muli zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi kadontho ka buluu kosonyeza pomwe muli. Kameneko kamachokera ku ma setilaiti a GPS, ndi a boma la America, ali m'mwamba pafupifupi makilomita 20,200. Foni imangomvera sigino yawo, ikagwira anayi kapena kuposa imawerengetsa yokha kuti muli pati. Zimenezi sizifuna bandulo olo pang'ono, netiweki imangothandiza kuti iwapeze msanga. Pabwalo poyera kadonthoko kamaphonya ndi mamita ochepa chabe, ngakhale pa foni yotchipa.

Chachiwiri ndi chojambula chomwe kadonthoko kakuyendapo, misewu, milatho, mayina a malo. Apa ndi pomwe pagona nkhani. Zimenezo samajambula ndi setilaiti yokha ayi, amajambula anthu ndi makompyuta poyang'ana zithunzi za m'mwamba. Munthu ali kutali akaona mzere wofiira pakati pa minda amalemba kuti msewu. Sangaone kuti ndi njira ya thirakitala ya mu esiteti yokathera pa zigafa, sangaone kuti mlatho ndi mitengo itatu. Ndipo chithunzicho mwina chinajambulidwa zaka zingapo zapitazo, nthawi ya chilimwe chifukwa dzinja kumakhala mitambo. Ndiye zomwe akunena a Kabaza ndi zoona ndithu, inu munayenda pa mapu a chilimwe mwezi wa February.

Kenako apu ija imangosankha mzere waufupi, nkuganizira liwiro lomwe lili m'mutu mwake. M'mizinda ikuluikulu imaphunzira kuchokera ku mafoni ambirimbiri odutsa pamsewu womwewo tsiku ndi tsiku, ikaona kuti palibe akudutsa pena pake imadziwa kuti pali vuto. Nanga padambo lanulo padutsa mafoni angati oyatsa data pa sabata?

Ndipo musaganize kuti zimangotichitikira ife osauka. Mu September 2012 kampani ya Apple inachotsa Google Maps mu ma iPhone nkuikamo mapu akeake pa pulogalamu yoyendetsa mafoniwo yotchedwa iOS 6. Zinali zamanyazi, matauni kusowa, milatho kuoneka ngati yasungunuka, mpaka bwana wawo Tim Cook analemba kalata yopepesa mwezi womwewo nkuuza anthu kuti ayambe agwiritsa ntchito mapu a makampani ena. December wake apolisi a ku Australia anachenjeza anthu chifukwa tauni ya Mildura inaikidwa mkati mwa nkhalango ya Murray-Sunset, makilomita pafupifupi 70 kuchoka pomwe ili, madalaivala kumakasokonekera kotentha kopanda madzi. Ngati anasokoneza tauni yathunthu ku dziko lolemera ngati limenelo, kwa Wimbe ndiye kuli bwanji.

Nachisale_HSA:

Aphunzitsi afotokoza bwino koma pali china aiwala, ndipo ine ndikukayikira pamenepo. A Jere, location anakutumiziraniyo anaitumiza ali pati? Funsani bwino.

Ine ndimayenda m'midzi ndi katemera komanso sikelo ya ana, ndazionapo kambirimbiri. Kumudzi netiweki siipezeka pakhomo, munthu amayenda kukaisaka pachulu china chake kapena pa trading, ndiye akafika pamenepo ndi pomwe amadina send. Inu mumalandira malo a chulu osati a nyumba. Wina amatumiza ali m'nyumba ya malata, foni isanagwire nkomwe ma setilaiti, pamapu pakuoneka chibwalo chachikulu cha buluu chotenga midzi itatu, iye osadikira kuti chichepe wangotumiza. Muuzeni munthu atuluke panja, aime kaye mphindi imodzi kapena ziwiri mpaka chibwalocho chichepe, asunge malowo, akatumize akapeza netiweki.

Za kusaka ndi dzina la mudzi ndiye iwalani. Midzi yathu imatchedwa ndi dzina la mfumu, mudzi ukagawikana pamabadwa mayina atsopano, ndipo dzina limodzi mulipeza kwa T/A Kaomba, mulipezanso kwa Chulu, mulipezanso ku Mchinji. Sukulu za pulayimale ndi zipatala zing'onozing'ono ndi zomwe zimathandizako, nthawi zambiri zimapezeka ndipo aliyense pamsewu amazidziwa. Ine ndimafunsa kuti sukulu yapafupi ndi iti, ndikafika pamenepo ndimaimba foni mwana adzanditenge.

Pa funso lanu la apu, ine ndili ndi ziwiri. Mu Google Maps muli poti mutha kudawunilodiratu dera lonse mukakhala pa boma pomwe netiweki ili bwino, mukalowa kumudzi mapu sasanduka oyera mbee ngati pepala. Inayo ndi Organic Maps, imatenga mapu a OpenStreetMap omwe amajambula anthu wamba ongodzipereka, Malawi yense amalowa mufoni ndipo data mutha kuzimitsa. Kwina imaonetsa tinjira tomwe inayo ilibe, kwina ndiye mbuu chimodzimodzi. Zikagwirizana zonse ziwiri ndimalimba mtima, zikasiyana ndimaima nkufunsa amayi pa mjigo. Amayi a pa mjigo sananamizepo munthu za mlatho.

Mphwanga_wa_Chinkhoma:

Ine zanga ndi zina. Chimene chimandinyansa ndi mawu aja. Dzina loti Nkhamenya kapena Mtunthama akalitchula mayi uja umachita kudabwa kuti akunena dziko liti, lilime lake limakana. Nanga zaka zonsezi alephera kupeza munthu mmodzi woti awaphunzitse kutchula? Ndipo kulamula kwake ngati galimoto anagula ndi iyeyo. Ine ndinamutseka pakamwa, ndimangoona chithunzi.

China ndi batire, kuchoka pano kukafika Lilongwe foni imatentha ngati mbaula, pofika Mponela yatsala 20, magetsi akenso awa. Komanso anthu samalani mbali ya ku park. Mlamu wanga mapu anamuonetsa njira yachidule yodutsa m'mphepete mwa Kasungu National Park madzulo, iye pa njinga yamoto. Kuja munthu sumayenda mwachisawawa, paja mu 2022 anabweretsako njovu 263 kuchokera ku Liwonde kuwonjezera pa zomwe zinalipo kale, anthu a kwa Chulu akhoza kukuuzani mmene amagonera. Mwamwayi anakumana ndi agogo ena omwe anamubweza. Pa mapu njovu siioneka, pamangooneka green wokongola.

Sir_Geography:

Mphwanga, za batire ndi sikirini yoyaka ulendo wonse kuphatikiza foni kulimbana ndi kusaka netiweki yofooka, makamaka mukaiika padzuwa pa dashibodi. Dawunilodiranitu mapu, zimitsani data, muona kusintha.

A Jere ndiwonjezere kamodzi. Musanasiye tala sinthani mapu akhale a chithunzi cha setilaiti, mukuze ndi zala pomwe njira ikudutsa dambo kapena mtsinje. Mlatho wa simenti umaoneka, koma mukaona njira ikungoonda nkusowa mu udzu kenako kutulukira kutsidya, dziwani kuti ndi pa chiwoloko cha ng'ombe. Izi zimadya bandulo ndiye panganitu muli pa boma. Ndipo mlatho munaupezawo mutha kuwauza, m'ma apu ambiri muli podina kuti msewu uwu ndi wotseka kapena kulibe. Pa OpenStreetMap ndiye mumatsegula akaunti nkukonza nokha, inayamba 2004 ku UK ndipo aliyense amaloledwa. Ine ndi ana a kalabu yathu tinajambulako mijigo ndi njira zozungulira sukulu, patapita masabata angapo zinatulukira mufoni.

Kabaza_Gogode:

Sir ndiye mukufuna a Jere alipire ng'ombe, adulidwe ya hayala, kenako awagwirirenso ganyu ya ulere eni mapu? Kkkk ayi zikomo. Mukajambula njira zonse ife tidya chani.

Jere_wa_pikapu:

Zikomo nonse, ndawerenga zonse. A Nachisale mwalasa. Ndamuimbira mwini chinkhoswe uja, poyamba amakana, kenako wavomera kuti location anatumiza mwana wake ali pa chigayo pomwe amatchajitsa foni, tsidya lina la dambo lomwe lija. Mudzi weniweniwo uli tsidya lino, ndinaudutsa ndi m'mawa womwe cha m'ma 7, ndikukumbuka ndinaona amayi akusenza nkhuni ndi mapoto akuluakulu pa nyumba ina ndipo mumtima ndinati kumeneku kuli zochitika. Ndinapitirira chifukwa mayi wa mufoni anati kwatsala makilomita 6.

Komabe mapuwo sindinawakhululukire, chigayo kapena ayi, anandiuza kuti pali msewu pomwe pali achule. Ndaika Organic Maps ija, dambo lomwelo ikuonetsa timizere todukaduka osati msewu, kaya ndiye kuti njira ya miyendo, aphunzitsi mundiuze. K20,000 yanga ndamuuza mkuluyo kuti tigawane pakati poti wolakwa ndi mwana wake, akuti tikambirana akagulitsa soya.

A Kabaza nditumizireni nambala ku inbox, Lachisanu ndili ndi matumba a simenti 25 opita mbali ya Chamama ndipo mvula yake sikusiya iyi.