Asilikali a m'thupi aukira bwanji mwana wanga, nanga makoswe a ku Canada akubweramo bwanji?

Amake Tiza, Kapata:
Ndithandizeni inu odziwa. Tiza wanga ali ndi zaka 9. Mu June anayamba kumwa madzi osakhuta, usiku n'kumakodza pamphasa, chinthu chimene anasiya kalekale. Yunifolomu inayamba kulendewera m'mapewa. Tsiku lina ndinapeza nyerere zitaunjikana pamene anakodza kuseri kwa nyumba, miyendo inandilefuka. Kuchipatala anati ndi shuga wa mtundu woyamba, nyeleti ya insulin tsiku ndi tsiku moyo wake wonse. Adokotala anati maselo ake a T ndiwo anawononga timaselo ta m'kapamba topanga insulin. Ine maselo a T ndimawamva pa nkhani ya CD4, kuti ndi asilikali otiteteza. Msilikali angawombere bwanji mudzi wa kwawo? Mlongo wanga wa ku Lusaka akuti zimenezi anazitulukira pa makoswe, koma akulephera kundifotokozera. Kuno apongozi angoti ndinamuthirira shuga wambiri m'phala. Usiku sindigona nazo.

Wa m'labu, Katete:
Amake Tiza, pepani kwambiri. Phala lanu lilibe mlandu, zimenezo zichotseni mumtima.

Alongo anu akunena zoona. Mu 1974, pamalo ena oswetsera makoswe a kafukufuku ku Ottawa, m'dziko la Canada, anaona kuti makoswe ena akudwala okha shuga ali aang'ono, a miyezi iwiri mpaka inayi, akumwa madzi ndi kuwonda monga mwafotokozera za Tiza. Mtunduwo anautcha BB. Atawayeza magazi anadabwa: maselo a T anali ochepa zedi. Munthu ukanaganiza kuti asilikali akachepa ndiye kuti kapamba apulumuka, koma ayi. Mu 2002 ndi pamene anapeza jini yolakwika (jini ndi kalangizo ka m'thupi kotengera kwa makolo), lero imatchedwa Gimap5. Ntchito yake ndi kusunga selo ya T kuti isafe msanga. Pa makoswewa panasowa kachilembo kamodzi kokha m'jiniyo, ndiye maselo akangotuluka mu thymus, kachiwalo ka kuseri kwa fupa la pachifuwa kumene amakhwimira, ambiri amafa.

Tsono apa ndi pamene pali yankho la funso lanu. Maselo a T si gulu limodzi. Alipo omenya nkhondo, aliponso oletsa anzawo, ngati akulu a pabwalo amene amati "basi, uyu ndi wathu, musiyeni". Pa khoswe wa BB oletsawo ndi amene amasowa kwambiri, ndipo omenya ochepa otsalawo amalowa m'kapamba popanda wowabweza. Ofufuza atathira makoswe aang'ono magazi a makoswe abale awo osadwala, shuga sanabwere. Ena atawachotsa thymus atangobadwa, ambiri sanadwalenso. Izi zinatsimikiza kuti ndi maselo a T. Ine ndimayeza CD4 tsiku lililonse, koma nkhani ya makoswewa ndi imene inanditsegula maso kuti chiwerengero chokha sichinena zonse.

Komabe Tiza si khoswe wa BB. Ana ambiri a shuga ameneyu maselo awo a T ndi okwanira, ndipo majini okhudzidwa ndi ambiri, makamaka majini a chitetezo cha m'thupi a gulu lotchedwa HLA.

A Zulu a ku Mchini:
A labu, mwandichititsa mantha. Ine ndimamwa ma ARV kuyambira 2011, CD4 yanga inafikapo 140 nthawi ija. Ndiye kuti nanenso oletsawo anatha, shuga akubwera?

Wa m'labu, Katete:
Ayi a Zulu, mtima pansi. Makoswe aja amabadwa choncho, ndiponso jini ya Gimap5 payokha siidwalitsa shuga: pamafunika jini ina ya chitetezo, yotchedwa RT1u, kuti maselo alunjike kapamba. Shuga amene amavuta anthu a msinkhu wathu kawirikawiri ndi wa mtundu wachiwiri, ndipo njira yake ndi ina. Mukapita kukatenga mankhwala, apempheni akuyezeni shuga ndi BP, basi.

Amake Dalitso, Chadiza:
Za majinizo ine sindizitha, koma wanga wakhala pa nyeleti zaka zisanu ndipo chaka chino ali giredi 8. Magetsi akazima musadalire firiji. Ine ndimaika kabotolo m'kachitini kotseka bwino, kachitiniko pa mchenga wonyowa mumtsuko, pakona pamene dzuwa silifika. Insulin isaume ngati ayezi, ikatero yaonongeka. M'thumba la yunifolomu musamasowe maswiti atatu, ndipo aphunzitsi ake muwauze kuti Tiza akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, ndiye kuti shuga watsika, amupatse pomwepo, asadikire belu. Apongozi mupite nawo kuchipatala akamve okha, anga anasiya kulankhula atamva pakamwa pa anesi.

Amake Tiza, Kapata:
Zikomo nonse. A labu, ndawerenga kawiri, kachiwiri mokweza Tiza akumva. Wandifunsa ngati makoswewo nawonso ankalira powabaya. Lero m'mawa wagwira yekha khungu la pantchafu ine ndikubaya. Amake Dalitso, mtsuko ndili nawo umene anandisiyira amayi, mchenga ndikatapa mawa ku Lunkhwakwa. Lachinayi tili ndi tsiku kuchipatala, ndipo apongozi avomera kupita nafe.