Kabati ya agogo: ndiyikemo bwanji katundu wa makolo kuti asawonongeke?

Mdzukulu wa ku Domasi:
Moni nonse. Banja lagwirizana kuti kabati ya magalasi ya malemu agogo ikhale kwa ine pamodzi ndi zinthu zawo: makina a Singer opukusa ndi dzanja, simbi yamakala, mamendulo atatu a KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda), zithunzi zakuda ndi zoyera, mapepala a ku Wenela, mtsuko wadothi, mbale za Kango ndi zitenje ziwiri. Ndikufuna zonsezi zizioneka pabalaza. Kabatiyo ndi ya mlombwa, kumbuyo kwake ndi plywood, mashelefu awiri am'mwamba ndi agalasi. Vuto ndi loti pansi pake pakumagwa kaufa koyera, ndipo kuno chinyezi n'chambiri nthawi ya dzinja. Ndiyambire pati? Ndipake vanishi watsopano?

Kalipentala wa ku Ndirande:
Achemwali, musayikemo kanthu kaye mpaka nkhani ya ufawo ithe. Sesani bwinobwino, yalani pepala lakuda pansi pa kabati, mudikire masabata awiri. Ukagwanso ufa watsopano ndiye kuti tizilombo tofumbula matabwa tidakali moyo. Timabowo take timakhala ta milimita imodzi kapena awiri. Chiswe chimasiyana: chimamanga njira zadothi ndipo thabwa ukaligogoda limalira ngati ng'oma. Mtima wa mlombwa sufumbwa wamba, choncho yang'anani ku plywood, pansi pa madirowa ndi m'mbali zoyerera za thabwa. Plywood ikakhala kuti yadyeka kwambiri, ingoichotsani mukatenthe, muyike ina ya mamilimita 4 kapena 6. Pamalo otsalawo gulani mankhwala a matabwa okhala ndi permethrin ku hadiweya, muthire ndi sirinji bowo lililonse, mupakenso ndi bulashi mbali zonse zopanda polishi. Chitirani pakhonde, mutavala magolovesi, ndipo kabati ikhale yotsegula sabata yathunthu. Oilo wakuda wa galimoto ayi ndithu. Ameneyo ndi wa mapolo a mpanda, m'nyumba amanunkha ndipo amalowerera m'nsalu ndi m'mapepala.

Za vanishi ndikukanizani. Mtundu wofiirira umene mlombwa umatenga ukakalamba sugulidwa m'chitini, ndipo sandipepa amaufufuta pa mphindi zochepa. Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono kokhala ndi sopo wochepa, muumitse nthawi yomweyo ndi kansalu kena. Kenako yesani pamalo obisika ndi kathonje konyowetsa ndi spiriti. Pakayamba kumata ndiye kuti anapaka shellac, ndipo ameneyu sagwirizana ndi madzi, mowa kapena kapu yotentha. Polishi wabwino mungapange nokha: gawo limodzi la phula la njuchi lopala timizere ndi magawo atatu a turpentine, m'botolo lotseka, masiku awiri kapena atatu mpaka lisungunuke lokha. Musaliyike pamoto. Pakani pang'ono kwambiri, dikirani theka la ola, pukutani mpaka pawale. Kawiri pachaka n'kokwanira. Mafuta ophikira amamata fumbi n'kuyamba kununkha.

Poimika, siyani masentimita 5 mpaka 10 pakati pa kabati ndi khoma kuti mpweya uzidutsa, ndipo sankhani khoma lam'kati mwa nyumba, losawombedwa ndi mvula kunja. Pansi pa miyendo ikani tizidutswa ta labala chifukwa madzi okolopa amakwera ndi mwendo n'kuwoletsa. Kumwamba ikeni mabulaketi awiri okhomera kukhoma. Kabati ya magalasi imalemera kutsogolo zitseko zikatseguka, mwana akangozikoka imamugwera.

Makina a Singer amaposa makilogalamu 10, ndiye malo ake ndi pa thabwa lapansi, pafupi ndi mbali osati pakati pamene thabwa limapindika. Simbi nayo pansi. Pa shelefu yagalasi ya mamilimita 4 pangokhala mbale zochepa ndi tinthu topepuka.

Mayi wosunga zakale:
Bambo a ku Ndirande anena bwino za mtengo. Ine ndikambe za mapepala ndi mamendulo, poti ndi zimene zikawonongeka sizibwerera.

Zithunzi zenizenizo musaziyike poonekera. Pitani nazo ku situdiyo akazikope ndi sikana, musindikize zatsopano, ndipo zatsopanozo ndizo zikhale m'mafelemu. Chimodzimodzi mapepala a ku Wenela. Kuwala kumafufutitsa chithunzi pang'onopang'ono ndipo palibe mankhwala obwezera. Chonde musalole munthu wa pa situdiyo akuuzeni zoti azimate pulasitiki ya laminating. Imalowa ndi moto ndi guluu, siimatukanso, ndipo pakapita zaka imachita chikasu pamodzi ndi chithunzicho. Selotepi, mapini ndi timalabala tomangira ndalama nazonso zichoke, zimasiya dzimbiri ndi mabanga. Zenizenizo zigonekeni m'katoni yoyera, pakati pa chilichonse pepala loyera losalembapo, m'dirowa yam'mwamba. Kumbuyo lembani dzina, mudzi ndi chaka ndi pensulo yofewa ya 2B, osasindikiza, osati bolopeni.

Ngati chilipo chithunzi chakale chimene chili kale m'felemu, onani ngati chakhudza galasi. Nthawi ya chinyezi nkhope ya chithunzi imafewa n'kumatirira kugalasi. Chikakhala chamatirira musachikoke, chijambuleni chili momwemo.

Mamendulo musawakweche ndi Brasso, phulusa kapena mandimu. Kuwalako kumabwera chifukwa mwapala chitsulo, ndipo zilembo zimatha. Kabulashi kofewa kouma n'kokwanira, ndipo muziwagwira m'mphepete. Maliboni ake asachapidwe kapena kusitidwa. Mamendulo a nkhondo yoyamba ya 1914 mpaka 1918 amakhala ndi dzina ndi nambala ya msilikali, koma ambiri a nkhondo yachiwiri, monga Burma Star amene asilikali athu a KAR analandira atamenya nkhondo ku Burma mu 1944 ndi 1945, anaperekedwa opanda dzina. Choncho lembani kakhadi ka dzina la agogo, nambala yawo ndi batalioni ngati mukuzidziwa, kakhale pambali pake. Popanda kakhadiko, pakadutsa mibadwo iwiri palibe adzadziwe mwini wake. Agonekeni pa nsalu yathonje yoyera yochapa, osati pa thabwa penipeni, chifukwa matabwa amatulutsa mpweya wa asidi umene umadetsa chitsulo m'kabati yotseka. Ubweya ndi labala zimadetsa siliva. Anthu amakonda bokosi la mkungudza chifukwa fungo lake limathamangitsa njenjete, koma utomoni wake umamata pa ndalama zachitsulo ndi mapepala, ndiye limenelo lisiyireni zofunda.

Zitenje zikulungeni pa chubu cha katoni chokutidwa ndi nsalu yoyera. Zikapindidwa malo amodzi zaka zambiri zimang'ambikira pa mzere womwewo. Muzionetsa chimodzi miyezi itatu, kenako chinzake.

Wa ku Dedza:
Pa mtsukopo: uyikeni pa nkhata ya nsalu, ndipo musathiremo madzi kapena maluwa amoyo. Mbiya yathu imachucha thukuta, n'chifukwa chake madzi amazizira, ndipo thukuta limenelo limasiya bwalo loyera pa polishi. Ponyamula gwirani kumimba ndi manja awiri, osati kukamwa. Ngati uli ndi mng'alu musaumate simenti. Mbale za Kango pamene penti inasweka pamachita dzimbiri, ndiye tsukani, umitsani padzuwa, pakani phula pang'ono pabalapo. M'simbi chotsani phulusa lonse chifukwa limakoka chinyezi.

Pa permethrin sindikutsutsa, koma zinthu zazing'ono zamtengo monga chipande kapena ndodo yaifupi sizifuna mankhwala. Zimangeni m'pepala la pulasitiki losalowa mpweya, zikhale mufiriza sabata imodzi kapena awiri magetsi akakhala odalirika, ndipo potulutsa musamasule mpaka tsiku lathunthu litadutsa.

Mdzukulu wa ku Domasi:
Zikomo kwambiri nonse. Malo amene ndimaganiza ndi moyang'anana ndi windo lakumadzulo. Nanga chinyezi cha m'kati mwa kabati ndichite nacho bwanji? Komanso ndikuona ngati zinthuzi zidzathithikana.

Mayi wosunga zakale:
Windo lakumadzulo ndiye loyipitsitsa, mwanawe, makamaka dzuwa la masana la Okutobala. Lakumpoto nalonso limalowetsa dzuwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Pezani khoma limene dzuwa silifika, lotalikirana ndi utsi wa kukhitchini. Mukafuna nyali m'kati, ikhale ya LED yaing'ono yoyatsa pokhapokha kukabwera alendo.

Za chinyezi, sonkhanitsani timapaketi ta silica gel ta m'makatoni a nsapato, mubise todzaza dzanja pa shelefu iliyonse, ndipo muzitiumitsa mu uvuni wa moto wochepa kamodzi pamwezi kuyambira Disembala mpaka Epulo. Tsiku lowala dzuwa tsegulani zitseko maola awiri. Mukaona nguwi, tulutsani chinthucho panja pamthunzi, chiume kaye, kenako muchotse ndi kabulashi.

Sikuti zonse zionekere nthawi imodzi. Ine ndingasanje potsata munthu: shelefu ina ya agogo aamuna, mamendulo, chithunzi chawo ndi pepala la ku Wenela zokopa zija, ina ya agogo aakazi, mbale ndi chitenje, makina awo pansi. Zazitali kumbuyo, ndipo pakati pa zinthu pazitsala malo olowa dzanja kuti popukuta musagwetse china. Mamendulo akhale mbali ya loko. Pomaliza gulani kope, mulembemo chinthu chilichonse, mwini wake ndi amene anakupatsani, amalume asayinire, ndipo zithunzi mwakopazo mutumizire abale onse pa WhatsApp kuti aliyense akhale nazo zake.