Ndabweranso pa funso lija la Jackie Stewart ku Nürburgring

Ndinafunsa kuti chinamupambanitsa Jackie Stewart pa mpikisano wa magalimoto wa German Grand Prix wa 1968, pa msewu wa Nürburgring ku Germany, n'chiyani, matayala kapena luso lake. Zikomo nonse amene munayankha. Ndafufuzanso, ndipo a mbali ya matayala muli ndi mfundo ndithu. Galimoto yake ya Matra inali pa matayala a Dunlop a mizere yakuya yotaya madzi, pomwe Lotus ya Graham Hill inali pa Firestone, Brabham ya Jochen Rindt pa Goodyear.

Koma matayala okha, ine ndikukana. Pa 4 Ogasiti pamenepo mvula inali ikukhuthuka, chifunga chili bii. Msewu wake ndi wa makilomita 22.8, wokhotakhota m'nkhalango za Eifel, ndipo anauzungulira ka 14. Madzi ankadutsa pamsewu ngati timitsinje. Stewart anayambira pa nambala 6, m'kati mwa madzi othovoka kwa anzake, osaona n'komwe galimoto yakutsogolo, koma pomaliza kuzungulira koyamba anali atatsogola kale. Musaiwale kuti dzanja lake lamanja linali lomangidwa ndi chopulasitiki, poti anali atathyoka fupa la pamkono pa msewu wa mpikisano wa Jarama ku Spain chaka chomwecho.

Hill naye analimbikira. Galimoto itamuzungulira n'kuzima, anatsika, kuikankha yekha mpaka kulira, n'kumaliza wachiwiri, Rindt wachitatu. Stewart anamusiya Hill ndi mphindi 4 zathunthu.

Wina anatchula Jim Clark pa mpikisano wa ku Spa, ku Belgium, mu 1963, amene anasiya Bruce McLaren pafupifupi mphindi 5 mumvula. Ameneyo ndiye ndikumufufuza tsopano.